Manja Opeka Moto

Kunja ana amayatsa timaroketi tawo ndi kawaya kotenthetsedwa ndi batire. Kwathu kuno ku Mkaika, machesi asanafike, moto unkachokera m'manja. Mkulu ankaponda kamtengo kouma, n'kuimika kena pakabowo, n'kumakapotokola pakati pa zikhato, thukuta lili kamukamu. Kenaka kautsi tolotolo. Kafumbi kakuda kofukako ankakathira pa udzu wouma, n'kumauzira pang'onopang'ono ngati akunong'oneza khanda, mpaka lawi buu! Osalipira ngakhale ngwee imodzi.

Ine luso limeneli ndimalilemekeza kuposa laitala ya m'sitolo, imene imatayidwa gasi akangotha. Inu odzabwera ku mwambo wa Kulamba mu Ogasiti kudzalambira Kalonga Gawa Undi, pemphani agogo akuonetseni kupeka moto manja awo akadali ndi mphamvu.