Senzo: piyano yofunafuna dzina la bambo

M'chaka cha 2008, Abdullah Ibrahim anakhala pa piyano mumzinda wa Cologne ku Germany ali yekhayekha, popanda ng'oma, lipenga kapena woimba mawu. Zimene anajambula zinatuluka m'chimbale chotchedwa Senzo. M'Chijapani mawuwa amatanthauza kholo, ndipo Ibrahim wakhala akuphunzira luso lomenyana la ku Japan kwa zaka zambiri. Koma Senzo ndi dzinanso la bambo ake, Msotho amene anaphedwa mwanayo ali ndi zaka 4.

Mbiri imeneyi ndiyo imatsegula khutu. Ibrahim anabadwira ku Cape Town mu 1934, nakulira kwa makolo akuchikazi ndi dzina la Brand. Dziko linayamba kumudziwa monga Dollar Brand. Dzina la Abdullah Ibrahim analitenga atalowa Chisilamu mu 1968. Munthu amene wayenda ndi mayina angapo chonchi, akafika zaka zoposa 70 n'kulemba dzina la bambo ake pachikuto cha chimbale, ndiye kuti pali chimene akufunafuna.

Chimbalechi chili ndi nyimbo 22, zambiri zazifupi, zolumikizana popanda kupumira kwenikweni. Chimayamba ndi "Ocean and the River" n'kudzathera pa nyimbo yomweyo. Pakati pake womvera amadutsa mwa anthu amene anaumba woimbayo. "For Coltrane" ikukumbukira John Coltrane. "In a Sentimental Mood" ndi ya Duke Ellington, amene anamumva akuimba ku Zürich mu 1963 n'kumutsegulira njira. "Blues for a Hip King" ndi ya Mfumu Sobhuza II ya ku Swaziland. Pansi pa zonsezi pamamveka kayendedwe ka nyimbo za m'tchalitchi cha AME, kumene agogo ake aakazi ankaimba piyano.

Apa ndi pamene Senzo akusiyana ndi zimbale zambiri zimene amazitcha zosinkhasinkha. Zambiri mwa izo zimati munthu amadzipeza akatseka maso n'kuiwala anzake onse. Ibrahim akudzifufuza potchula ena mmodzimmodzi, monga amachitira mkulu pofotokozera adzukulu mtundu wawo. Dzanja lamanzere limagunda mwapang'onopang'ono, molemera, pamene lamanja limayamba nyimbo, kuisiya, n'kudzaibwerera. Pena amangokhala chete mpaka kulira kwa nsambo kuzimirira. Amene amamudziwa ndi "Mannenberg" ya 1974, imene inkavinitsa anthu pa misonkhano yolimbana ndi tsankho, adabwa ndi kufatsa kumeneku.

Chofooka chilipo. Nyimbo zina zimatha zisanakhwime, womvera akadali ndi njala. Liwiro silisintha kwambiri, kotero amene sadziwa nyimbo zakale za Ibrahim akhoza kumva ngati akuzungulira malo amodzi. Chimbalechi chimadalira kwambiri kuti womvera abwere akudziwa kale mbiri ya mwini wake, ndipo umenewo ndi mtolo wolemera kuusenzetsa mlendo.

Komabe ndikuona kuti kuduladulako kuli ndi chifukwa. Mwana amene bambo ake anamusiya ali ndi zaka 4 sakhala ndi nkhani yathunthu yoti afotokoze. Amakhala ndi zidutswa, ndipo Ibrahim sanayese kuzimata kuti zioneke zamphumphu. Mukafuna kuchimva bwino chimbalechi, chimvereni chonse nthawi imodzi, osadumphadumpha, kufikira "Ocean and the River" itabweranso.