Nyumba ya ku Mars: Zimene Kanema Uja Anatibisira

Ana athu muno mu Area 25 akamaonera kanema pa foni kapena m'timashedi ta mavidiyo, kawirikawiri zimakhala zomenyana, ndipo ife akulu sitilabadirako. Koma alipo kanema mmodzi amene ayenera kuti banja lonse limukhalire pansi. Dzina lake ndi The Martian, anatuluka m'chaka cha 2015, ndipo anamukonza ndi Ridley Scott potsata buku la Andy Weir.

Nkhani yake ndi yachidule. Anthu asanu ndi mmodzi afika pa dziko la Mars. Mkuntho wa fumbi uwathamangitsa, ndipo mnzao Mark Watney, katswiri wa zomera, amsiya poyesa kuti wafa. Munthuyo atsala yekha m'nyumba imene inakonzedwa kuti anthu akhalemo masiku 31 okha, pamene chombo china chidzafika patapita zaka zinayi. Watney ndi Matt Damon. Mwa akuluakulu amene akuvutika pansi pano kuti amubweze, owerenga athu azindikira nkhope ya Chiwetel Ejiofor, yemwe uja anadzakhala bambo ake a William Kamkwamba m'kanema wa 2019 wojambulidwa kwathu konkuno.

Tiyambe ndi kuyamika, pakuti choyamika chilipo. Akanema ambiri onena za kumwamba amatangwanika ndi zombo ndi mfuti za moto. Uyu atangwanika ndi mimba. Watney sadalira mwayi: awerenga chakudya chotsala, awerenga madzi, awerenga masiku. Kenaka atuta dothi la kunja kulilowetsa m'nyumba, alisakaniza ndi chimbudzi chake ndi cha anzake aja, nabzalamo mbatatesi, zonga zomwe timagula zochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pamenepa ana amaseka ndi kugwira pamphuno. Ife sitiseka, chifukwa tikudziwa mabanja m'tauni muno amene ali ndi zimbudzi za manyowa, zija amathiramo phulusa ndi dothi, natseka dzenje kwa miyezi ingapo, pambuyo pake nafukula manyowa akudimba. Ndipo mayi amene amadzuka pakati pa usiku kukatchera ndowa pampopi, popeza madzi abwera nthawi imeneyo ndipo sadziwika kuti abweranso liti, masamu a Watney amawadziwa bwino kuposa ophunzira ambiri.

Pamenepa kanemayu wanena zoona. M'nyumba yotsekedwa mulibe kotaya zinthu; chimene chatuluka m'thupi chiyenera kubwereranso. M'chaka cha 2023 bungwe la NASA linalengeza kuti pa International Space Station, nyumba ija imene imazungulira dziko lathu m'mwamba, makina ake afika pobweza magawo 98 mwa magawo 100 a madzi, kuchokera ku mkodzo, thukuta ndi chinyezi cha mpweya umene anthu apuma. Tiganize bwino za chinthu chimenechi. Mu Julaye 2017 anansi athu a ku Area 18 anatunga pampopi madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji, paipi itasweka, ndipo mzinda wonse unanyansidwa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatitengera anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kuno nzeru yonse ya ukhondo ndi kulekanitsa njira ziwirizi. Ku Mars adzazilumikiza dala, ndipo pakati pa chimbudzi ndi chikho padzangokhala makina amene saloledwa kufa ngakhale sabata imodzi.

Tsono zolakwa. Zina n'zazing'ono. Mpweya wa ku Mars ndi wopyapyala kwambiri, sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a kulemera kwa mpweya wathu, kotero mkuntho wake sungagwetse munthu. Mwini buku anavomera yekha kuti pamenepo anakometsa nkhani. Chachiwiri n'chokulirapo: m'chaka cha 2008 chombo chotchedwa Phoenix chinapeza kuti m'dothi la ku Mars muli mchere wina wa poizoni, perchlorate, umene umasokoneza chithokomiro. Dothi lotere liyenera kutsukidwa lisanabzalidwe kanthu, ndipo kutsuka kumafuna madzi omwe aja akusowa. Ndiponso makina opanga mpweya wopuma m'nyumba ya Watney amangogwira ntchito mwakachetechete ngati firiji. Chenicheni n'chakuti kachipangizo koyesera kotchedwa MOXIE, kamene kanapita ndi galimoto ya Perseverance, kanapanga magalamu 122 okha a okosijeni kuyambira 2021 mpaka 2023, okwanira kagalu kupuma maola 10. Ndi chiyambi chotamandika, koma munthu mmodzi amafuna magalamu oposa 800 tsiku lililonse.

Zimenezi tingazikhululukire wokamba nthano. Chimene sitimkhululukira ndi ichi: watipatsa nyumba ya munthu mmodzi. Inde, pansi pano anthu ambiri akuthamanga kuti amupulumutse, ndipo anzake abwerera kukamutenga. Koma m'nyumbamo, mmene muli funso lenileni la kukhalitsa pa dziko lina, Watney alibe womulanda mbatatesi, alibe wokana kutsuka chimbudzi pa tsiku lake, alibe wolira nkonono. Mdani wake ndi chilengedwe chokha, ndipo chilengedwe chimagonja ndi masamu. Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Sananene kuti mitu isanu ndi itatu imalisenza mosakangana.

Tatchula isanu ndi itatu chifukwa chinthuchi chinayesedwa. Pa 26 Seputembala 1991, amuna anayi ndi akazi anayi anatsekeredwa m'chinyumba cha magalasi chotchedwa Biosphere 2, m'chipululu cha Arizona ku America, chokula kupitirira pang'ono hekitala imodzi, chokhala ndi munda, nkhalango, kanyanja ndi mbuzi. Anakhalamo zaka ziwiri. Chakudya chambiri anachilima okha, ndipo m'menemo anapambana, ngakhale anaonda ndi njala, nadya mbatata ya kholowa mpaka khungu lao linasintha mtundu. Njuchi ndi zina zobereketsa maluwa zinafa. Mphemvu ndi nyerere zinaswana. Koma chodabwitsa chinali mpweya. Okosijeni anatsika kuchoka pa magawo 21 mwa 100 kufika pafupi ndi 14, anthu nayamba kupuma mobanika ngati ali pamwamba pa phiri lalitali, mpaka mu Januwale 1993 anachita kupopera mpweya kuchokera kunja.

Anadya mpweyawo ndani? Dothi. Omanga analithira manyowa ochuluka kuti mbewu zikondwe, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timene timawoletsa manyowa tinapuma okosijeni wa anthu. Mpweya woipa umene tinatulutsa ukanayenera kudyedwa ndi zomera kuti zibweze wabwino, koma wambiri unamwedwa ndi konkire ya nyumbayo. Taonani: manyowa omwe aja apulumutsa Watney ndiwo anatsala pang'ono kutsamwitsa anthu enieni. Mdani anali pansi pa mapazi ndi m'zipupa, ndipo panapita nthawi asanamudziwe.

Anthuwo anagawikanso m'magulu awiri, ena ofuna kuti nyumba ikhale yotseka zivute zitani, ena oti alandire thandizo kuti ntchito ya kafukufuku ipitirire. Anthu amene analowa ali mabwenzi ankapyolana m'tinjira osalonjerana. Ife amene timakhala m'nyumba zalendi, mabanja anayi pa mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi, sitidabwa nazo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikapsa mtima timatuluka kukakhala pansi pa mtengo, kapena kupita ku Nsungwi kukagula tomato amene sitikumufuna. Akatswiri okha akuidziwa nkhaniyi. N'chifukwa chake kuyambira Juni 2023 mpaka Julaye 2024 NASA inatsekera anthu anayi m'nyumba yoyesera ku Houston kwa masiku 378, uthenga wao nkumachedwetsedwa mpaka mphindi 22 monga ungachedwere kuchokera ku Mars. Komabe onsewo anali akulu athanzi osankhidwa bwino. Munalibe khanda, munalibe nkhalamba, munalibe maliro, ndipo kuseri kwa chitseko kunali mpweya wa Houston.

Ku Arizona gulu lachiwiri linalowa mu Marichi 1994. Patangotha mwezi, eni ntchito ali mkati mokangana za utsogoleri, anthu awiri a gulu loyamba anabwera usiku natsegula zitseko kuchokera kunja. Ntchitoyo inathetsedwa mu Seputembala, nthawi yake isanakwane.