Mleme ndi Mwezi: Pamene Nthano ndi Buku Zilakwira Pamodzi

Kwathu ku Vubwi, mango akayamba kupsa, sipasowa mwana wofunsa cifukwa cake mileme imadza usiku wokha. Agogo ali nalo yankho: pa nkhondo ya mbalame ndi nyama mleme anali kuthawira ku mbali iri yonse yopambana, ndipo onse atayanjana anampitikitsa, tsono kufikira lero abisala usana cifukwa ca manyazi. Nthanoyi ndi yabwino podzudzula munthu wa mitima iwiri. Koma kunena za mleme weni-weni iri ndi cilema, pakuti iyesa kuti usiku uli wonse ndi wofanana. Munthu amene anagonapo kumunda polinda cimanga adziwa kuti usiku wa mdima bii ndi usiku wa mwezi wathunthu sizilingana konse.

Funso limene nthano inalumpha analitola ndi anthu ophunzira. M'caka ca 1978 Douglas Morrison anafalitsa zimene anaona pa cisumbu ca Barro Colorado m'dziko la Panama, kumene anamangirira tiwailesi pa mileme yodya nkhuyu kuti adziwe mayendedwe ake. Anapeza kuti mwezi ukawala kwambiri mileme ija inali kuleka kudya ndi kubwerera kumene imagona, nkhuyu zikalipo. Khalidweli analipatsa dzina lakuti mantha a mwezi.

Nchito yake inali yosamalitsa, ndipo ndiribe nayo mlandu. Mlandu wanga uli pa dzinalo. Agogo anapatsa mleme manyazi, mphunzi nampatsa mantha. Onse awiri anambveka mtima wa munthu. Dzina lokoma limayenda msanga koposa umboni wake, kotero ambiri analilandira monga lamulo la mileme yonse. Koma m'caka ca 2017 Giulliana Appel ndi anzake, atachera makina omvera kulira kwa mileme m'nkhalango ya kufupi ndi Manaus ku Brazil, anapeza kuti mwa mitundu isanu yodya tizirombo, umodzi wokha unacepetsa kuuluka pa mwezi wowala, iwiri siinasinthe, ndipo iwiri inauluka koposa kale. Nanga wamantha ndani pamenepa?

Cimene cioneka ndi ici: mleme uli pakati pa njala ndi kadzidzi. Kuwala kuthandiza kadzidzi kuona, ndipo mleme wouluka pang'ono-pang'ono, kapena wolendewera pa mkuyu uli kutafuna, ugwidwa mosabvuta. Waliwiro alibe cifukwa cogonera ndi njala. Tizirombo nato timasintha maulukidwe malinga ndi mwezi, tsono mleme ukasowa pamalo, kapena wangotsata ndiwo zake kwina.

Palinso cina cimene ife a kuno tiyenera kucenjera naco. Mleme wa Morrison ndi wa banja la ku America, limene limazindikira njira pomvera kubwerera kwa mau ake. Mileme imene imadya mango athu, ija yaimuna yake imalira ngati kabelu usiku wonse, ndi ya banja lina: iri ndi maso akulu, ndipo imapeza cipatso ndi maso ndi mphuno. Abale ake ndiwo amasonkhana mamiliyoni ku Kasanka kuyambira kumapeto kwa Okutobala kufikira Disembala, nthawi ya masuku. Kwa mleme wotere mwezi ukhoza kukhala nyali yomthandiza ndiponso womuulula kwa adani. Kutenga ciweruzo ca ku Panama ndi kuciika pa mtengo wa ku Vubwi ndiko kugamula mlandu mwini wake palibe.

Inu amene mwatsiriza sukulu, mtengo wa mango muli nao pakhomo. Sankhani umodzi, ndipo m'mawa uli wonse muwerenge zipatso zolumidwa zimene zagwa pansi pake, mulembenso m'buku msinkhu wa mwezi ndi ngati kunali mitambo. Mucite cotero miyezi iwiri, osaiwala kusesa pansi madzulo.