Cikondi ca Ukali mu Nkhani Yaifupi ya "Girl" ya Jamaica Kincaid

Nkhani yaifupi yochedwa "Girl" inatuluka koyamba m'magazini ya The New Yorker mu 1978, ndipo mu 1983 inalowa m'buku la At the Bottom of the River. Mlembi wake, Jamaica Kincaid, anabadwira ku Antigua, koma wowerenga wa ku Kafue amene anamvapo alangizi akulanga namwali ku Shikoswe sangavutike kuzindikira liu lolankhula m'nkhaniyi. Mfundo yathu ndi yakuti cikondi ca mai wa m'nkhaniyi sicinenedwa poyera. Cabisala m'kamangidwe ka mau.

Nkhani yonse ndi ciganizo cimodzi cacitali, ndipo aneni ambiri ndi olamula: za kucapa, kuphika, kusesa, kusita. Palibe pamene mai auza mwana kuti amkonda. M'malo mwake, katatu konse amneneza kuti alinkulowera ku uhule. Mwanayo alankhula kawiri kokha. Poyamba akana mlandu woyimba nyimbo za benna pa Sondo, ndipo mai sayankha. Kaciwiri afunsa cimene angacite ngati wophika buledi atamletsa kukhudza buledi, ndipo yankho lake ndi cidzudzulo.

Komabe pakati pa malamulo a pakhomowa mai alowetsa nzeru zimene sizinenedwa pagulu: kakonzedwe ka mankhwala ocotsa mimba, ndiponso mmene mkazi angaopsezere mwamuna. Apa mpamene pali cikondi. Mai adziwa kuti dziko silikhululukira mtsikana wophonya, motero ampatsa lamulo pamodzi ndi pothawira lamulolo likamkanika. Mau onsewa awanena ndi liu limodzi lomwelo, kotero kuti ukali ndi cifundo sizilekanitsika.

Nthano zathu zambiri zolangiza zimatha ndi mwana wosamvera akubwera ali wolapa, kuti mwambi wakuti mau a akulu akoma akagonera upherezeke. Kincaid sapereka mathero otere. Sationetsa ngati mtsikanayo anapindula kapena anapweteka, ndipo mlandu ausiya m'manja mwa wowerenga. Akulu amati kuongola mtengo mpoyamba, koma mtengo sulankhula, pamene mwana ali ndi mau ake. Olemba nkhani m'Cinyanja angatolepo phunziro ili: nkhani ya cikondi ca ukali imalemera pamene liu la wolangidwa limveka, ngakhale kawiri kokha, ndipo wowerenga aona cimene catayika pamene liulo latsekerezedwa.