Chilembo chimodzi pakati pa mizere 40 miliyoni

Mu kernel ya Linux, yomwe Linus Torvalds adayamba kulemba ku Helsinki mu 1991, muli mizere yambirimbiri imene kompyuta siiwerenga n'komwe. Wolemba khodi akatsegula ndi /* n'kutseka ndi */, zonse za pakatipo akulembera munthu mnzake: chenjezo, chifukwa chimene wachitira zakutizakuti, pena dandaulo la munthu amene chipangizo chamuzunza usiku wonse. Compiler, pulogalamu yomasulira khodi kuti makina aimve, ikafika pa ndemanga yotere imangolumpha. Choncho wina akalembamo "recieve" m'malo mwa "receive", foni ya Android siizima, seva ya kubanki siigwa, palibe amene amataya khobidi.

Komabe alipo anthu amene amakhalira kusaka zilembo zosokonekerazi, m'khodi imene pofika 2025 inali itapitirira mizere 40 miliyoni. Ena amawaona ngati osowa chochita. Ine ndimawavulira chipewa.

Phindu loyamba ndi la wofufuza. Khodi yaikulu chonchi palibe amaiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anthu amafunsa grep, kapulogalamu kosaka mawu, kuti kawasonyeze paliponse pamene mawu akutiakuti alembedwa. Koma grep sadziwa kuganizira mnzake. Ukamutuma "receive" amabwera ndi "receive" basi, ndipo ndemanga ija ya "recieve", mwina yomwe ikuchenjeza za vuto limene ukulisakalo, imatsala mumdima. Palinso owerenga ambiri, ku China, ku Brazil, ku India, amene Chingerezi adachiphunzira kusukulu. Mngerezi akaona sipelo yolakwika amaiwongola m'mutu osazindikira n'komwe, pamene mnzakeyo amakaifuna mu dikishonale n'kuisowa.

Zida zilipo. Mu 2014 Kees Cook adaika mu kernel fayilo ya scripts/spelling.txt, mndandanda wa masipelo olakwika omwe adautenga ku lintian, chida cha Debian. Mzere uliwonse uli ndi mawu olakwika, timizere tiwiri toimirira, kenako mawu olondola, ndipo checkpatch.pl, yomwe imayendera chigamba (kusintha kwa khodi) chilichonse chisanatumizidwe, imakuwa ikakumana nawo. Kulinso codespell, yomwe adayambitsa Lucas De Marchi. Colin Ian King, amene dzina lake limapezeka pa zigamba zosawerengeka za masipelo, adadzipangira chida chake, kernelscan, chozula mauthenga amene kernel imalembera anthu kuti awayendere bwino. Randy Dunlap naye mu 2020 adasesa mafayilo ambiri kuchotsa mawu obwerezedwa mwangozi, monga "the the".

Apo pa mawu obwerezedwa m'pamene pamaonekera kuti ntchitoyi si ya makina. "The the" ndi yosavuta, umangofufuta mmodzi. Koma "is is" kawirikawiri amakhala "it is" amene chala chidaterereka, ndipo ukangofufuta mmodzi chiganizo chimatsala chopunduka. "That that" nthawi zina ndi Chingerezi cholondola ndithu. Wokonzayo amayenera kuwerenga ndemanga yonse, n'kutsika kuwerenganso khodi ya pansi pake, kuti amve chimene mwini wake ankafuna kunena, mwina zaka makumi awiri zapitazo.

Luso lenileni lagona pa kudziwa chosakhudza. Wopalira wodziwa ntchito sazula chilichonse chimene si chimanga, bonongwe amamusiya. Momwemonso kuno. "Colour" ndi "color" onse ndi olondola, wina wa ku Britain wina wa ku America, ndipo wosintha mmodzi kuti afanane ndi mnzake wangodzutsa fumbi. Mawu olakwika akakhala kuti ndi dzina la chinthu cha m'khodi, ndemanga yolitchula iyenera kulakwitsa chimodzimodzi, apo ayi grep yemwe uja adzasocheretsa anthu. Mayina ena adakoperedwa m'mabuku a kampani yopanga chipangizocho, ndipo ayenera kukhala monga alili m'bukumo kuti woyerekeza ziwirizi asasokonezeke. Mafayilo ena kwawo si ku Linux: khodi ya ACPICA, mwachitsanzo, imasamalidwa kwina n'kumangokoperedwa, moti ukaikonzera kuno, ulendo wotsatira cholakwika chija chimabwerera. Wodziwa amakakonzera kugwero.

Ndiye pali zolakwika zimene zidakhazikika mpaka kalekale. Mu Unix, lamulo lopangira fayilo yatsopano limalembedwa creat, lopanda e kumapeto. Ken Thompson, mmodzi wa amene adapanga Unix ku Bell Labs, atafunsidwa chimene akadasintha akadayambiranso, adatchula e yemweyo. Koma mpaka lero Linux ili ndi creat ndi O_CREAT, chifukwa mapulogalamu osawerengeka amaitana dzinalo momwemo, ndipo lamulo la Torvalds limene sanyengerera nalo munthu ndi lakuti kusintha kwa mu kernel kusaphwanye mapulogalamu a ogwiritsa ntchito. N'chifukwa chake wokonza masipelo akalowa mu include/uapi, mmene muli mayina amene mapulogalamu akunja amadalira, amayenda chonyang'ama: ndemanga aikonza, dzina alisiya.

Chimene chimandikoka mtima kwambiri ndi umboni umene amisiriwa amadzifunira okha. Poti compiler siwerenga ndemanga, chigamba chokonza ndemanga chokha sichiyenera kusintha kanthu pa zimene makina adzalandire. Ndiye wosamala amamanga fayiloyo asanakonze, n'kuimanganso atakonza, n'kuyerekeza zotulukazo. Zikafanana ndendende, wadziwa kuti dzanja lake silinakhudzeko khodi. Amasamalanso kuti asawonjezere kapena kuchotsa mzere, popeza mauthenga ena a kernel amanyamula nambala ya mzere umene achokera. Zonsezi chifukwa cha i ndi e amene adasinthana malo!

Akatero sanamalize. Kernel ili ndi oyang'anira mazanamazana, aliyense ndi dera lake, ndipo chigamba chimodzi chokhudza madera makumi atatu palibe angachilandire. Amachigawa, amafunsa get_maintainer.pl kuti fayilo iyi mwini wake ndani, amaona mmene a dera limenelo amalembera mitu ya zigamba zawo n'kutsanzira, kenako amasaina ndi mzere wa Signed-off-by, monga amachitira wobweretsa driver yathunthu. Kale kudali ngakhale khomo lapadera la tizigamba totere, Trivial Patch Monkey, lomwe adayambitsa Rusty Russell, kuti tisamatayike pakati pa ntchito zikuluzikulu.

Odandaula ali ndi mfundo, tisawanamizire. Mzere uliwonse wosinthidwa umachititsa git blame, chida chosonyeza amene adasintha mzere uliwonse komaliza, kuonetsa dzina la wokonza sipelo m'malo mwa amene adalemba ganizolo, ndipo kukonza kofunika kukamabwezeredwa ku ma kernel akale amene akusamalidwabe, kamzere kosinthidwako kangachititse chigamba kukana kulowa. Pa chifukwa chonga chimenechi oyang'anira gawo la netiweki adalemba poyera kuti safuna zigamba zongokongoletsa khodi popanda ntchito ina. Koma m'malamulo omwewo adapatulapo masipelo ndi galamala, kuti zimenezo zibwere.

Wokonza wabwino akapeza kuti sipelo ina yalakwitsidwa m'malo ambiri, amatumizanso kachigamba kena ka mzere umodzi, kowonjezera mawuwo mu spelling.txt, kuti wodzalakwitsa mawa checkpatch.pl imugwire chigamba chake chisanachoke pa kompyuta yake.