Kodi Pulogalamu "Imayimba" Kapena "Imatuma"?

Bungwe la Chicheŵa, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidali ndi udindo wopeza mawu atsopano, ndipo mfundo yoyenera pa ntchitoyi ndi yakuti liwu lizimasuliridwa potsata ntchito yake, osati maonekedwe ake. Likulu loona za ziyankhulo ku Zomba, lomwe lidaloŵa m'malo mwa bungweli mu 1996, lidatengera udindo womwewo. Komabe mfundoyi ikuphwanyidwa pomasulira mawu atatu a zamakompyuta aŵa: client, call ndi service.

Chitsanzo chili m'boma la Mulanje. Alimi a tiyi a bungwe la Sukambizi, aphunzitsi ndi amalonda a pa Chitakale ndi ku Limbuli amagula magetsi a ESCOM pafoni kudzera pa Airtel Money, yomwe idayamba mu 2012, kapena TNM Mpamba, yomwe idayamba mu 2013. Wogula amaona pulogalamu imodzi, koma kuseri kwake kuli makompyuta angapo olumikizana. Ina imatsimikiza nambala yachinsinsi ndi kuchotsa ndalama. Ina imakonza manambala 20 oloŵetsa m'mita. Ina imatumiza manambalawo pafoni. Iliyonse imalandira pempho ndi kubweza yankho.

Omasulira ambiri, akaona liwu loti client, amathamangira kulemba "kasitomala". Uku ndi kulakwa, pakuti pano liwuli silikunena munthu, koma pulogalamu imene ikupereka pempho. Liwu loti call amalimasulira kuti "kuyimba", ngati kuti pulogalamuyo ili ndi pakamwa. Nalo liwu loti service amangoti "ntchito", pomwe liwu lomweli limatanthauzanso ganyu, udindo ndi phindu la chinthu. Motero chiganizo chakuti "kasitomala akuyimbira ntchito zitatu" chimatsata malamulo onse a kalembedwe, koma palibe Mmalaŵi angachimve.

Vutoli si la akatswiri okha. Nthaŵi zina kompyuta yoyamba imachotsa ndalama pamene yachiŵiri sinayankhe. Uthenga ukangoti "ntchito yalephereka", wogula sadziŵa ngati ndalama zake zapita kapena ayi, ndipo akabwerezanso amalipira kaŵiri. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluŵa. Mawu osalongosoka amasandutsa foni kukhala mthenga wotereyu.

Chodabwitsa nchakuti Chicheŵa chili kale ndi tsinde loyenera, lomwe ndi -tum-. Mfumu ikafuna zinthu kwa anthu atatu, imatuma nyakwaŵa, ndipo imadikira mayankho atatu. Pulogalamu imachita chimodzimodzi. Choncho client ikhoza kukhala "chotuma", call ikhale "kutuma", service ikhale "utumiki", ndipo kompyuta yopereka utumikiwo ikhale "chotumikira". Mawuŵa ali ndi ubwino uŵiri. Choyamba, ndi a banja limodzi, kotero kuti wophunzira akamva limodzi amalota tanthauzo la linzake. Chachiŵiri, amaloŵa bwino m'magulu a mayina: chotuma chimodzi, zotumikira zitatu. Uthenga wolephera uja ukhoza kulembedwa chotere: "Ndalama zachotsedwa, koma chotumikira cha magetsi sichinayankhe. Musabwerezenso."

Ena angatsutse kuti "utumiki" ndi liwu la kutchalitchi. Nzoona kuti limamveka kwambiri kumeneko, koma si lake la mpingo wokha, ndipo mawu amakula ndi ntchito zatsopano. Liwu loti "kanema" lidachokera ku zithunzi zoonetsedwa pachinsalu, koma lero likutanthauzanso wailesi ya kanema ndi tizithunzi ta pafoni. Enanso angakonde kubwereka liwu loti "seva". Kubwereka sikoletsedwa, monga zidachitikira ndi "kompyuta" ndi "intaneti", koma kumayenera pokhapo pamene chiyankhulo chilibe liwu lake.

Alembi, akonzi ndi aphunzitsi akupemphedwa kuyesa mawu anayiŵa m'zolemba ndi m'makalasi awo. Muyeso wake ndi umodzi: woŵerenga azitha kunena kuti watuma ndani, watumidwa ndani, ndipo yankho latsakamira pati.