Nyimbo za Machona ndi Mlandu Umene Siziutchula

Ku Engutwini ndi m'midzi ina ya ku Mzimba, akazi posinja pamtondo akhala akuimba za machona, ndiwo amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni osabweranso. Nyimbo zimenezi n'zokoma m'mawu ake, ndipo mphunzitsi wanzeru sangazinyoze. Koma zili ndi chilema. Kawirikawiri mlandu zimauika pa mwamunayo ndi pa mkazi wa kutauni amene anamukola mtima. Boma silimveka m'menemo.

Chikhalirecho, msonkho wa nyumba ndiwo unayamba kutulutsa amuna m'midzi, ndipo Boma linkalandira ndalama pa munthu aliyense wolembedwa ndi Wenela. Za ku Joni zinkalipira msonkho, sukulu ndi malowolo, chotero mudzi unazolowera kuyang'ana kupositi koposa kwa a Disi. Wodyetsedwa ndi mbale wake wakutali safulumira kufunsa za msewu kapena chipatala, ndipo anyamata amene akadafunsa anali pansi pa mgodi. Mphunzitsi poimbitsa ana nyimbozi aziwafunsa amene ankatola msonkhowo.

Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha Amalawi 74, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi. Chaka chomwecho Ferdinand Marcos anaika lamulo lotumiza anthu a ku Philippines kukagwira ntchito kunja, ndipo ndalama zawo zinapeputsa katundu wa boma lake. Ku Malawi chiletsocho sichinakhalitse; mu 1977 amuna anayambanso kulembedwa.